Angola yatenga chikho, koma mpando sunabwerere

Pa 24 Ogasiti 2025, timu ya basketball ya amuna ya Angola idakwapula Mali 70-43 ku Luanda ndi kutenga chikho cha AfroBasket kachi 12. Anzanga amene timaonera limodzi masewerawa adayamba kufuula kuti mfumu yabwerera pampando wake. Inenso ndidasangalala, poti Angola ndi mnzathu mu SADC, koma za ufumuzo sindikugwirizana nazo.

Tikumbutsane kuti ufumuwo unali wotani. Kuyambira 1989 mpaka 2013 kudachitika mipikisano 13 ya AfroBasket, ndipo Angola idapambana 11. Idapita ku Olympics kasanu motsatizana, kuyambira 1992 mpaka 2008. Chinsinsi chake chinali ligi ya kwawo. Matimu monga Petro de Luanda ndi Primeiro de Agosto ankasunga osewera pakhomo, moti pofika ku timu ya dziko ankakhala odziwana kale. Maiko ena ankasonkhanitsa anthu kwa masabata ochepa n'kukakumana ndi gulu lomwe lakhala limodzi kwa zaka.

Mwayi umenewo udayamba kuchepa. Mu 2015 Nigeria idagonjetsa Angola mu fainolo, kenako Tunisia idatenga chikho mu 2017 ndi 2021. Ngakhale chikho cha 2025 sichidabwere mophweka monga zigoli za fainolo zikuonetsera. Mu semifainolo Angola idapulumukira mkamwa mwa mbuzi, kuposa Cameroon ndi pointi imodzi yokha, pakhomo pake, bwalo lonse likuichemerera. Mpira umodzi ukanakana kulowa, bwenzi tikukamba zina.

Taonani amene akubwera m'mbuyomu. South Sudan idalandira ufulu mu 2011, ndipo Luol Deng, yemwe adasewerapo mu NBA, adayamba kutsogolera bungwe la basketball la dzikolo mu 2019. Adasonkhanitsa ana a othawa nkhondo amene adakulira ku Australia, America ndi maiko ena. Pa World Cup ya 2023 timuyi idaswa Angola 101-78 ndi kutenga malo a Africa ku Olympics ya ku Paris. Isanafike ku Paris idagonja kwa United States ya LeBron James ndi pointi imodzi, 101-100, pa masewera oyeserera ku London.

Mali idasankha njira ya ana. Mu 2019 anyamata ake osapitirira zaka 19 adafika mu fainolo ya dziko lonse, ndipo ena a iwo, monga Siriman Kanouté, ndiwo adaifikitsa timu yaikulu mu fainolo ya ku Luanda. Cape Verde, dziko la anthu ongopitirira theka la miliyoni, idasewera World Cup ya 2023 ili ndi Edy Tavares wa Real Madrid. Ku Senegal kuli NBA Academy Africa, sukulu yomwe idasula Khaman Maluach wa ku South Sudan, amene adasankhidwa pa nambala 10 mu NBA draft ya 2025. Kale Angola inkaopa timu imodzi kapena ziwiri. Lero zilipo zisanu kapena kuposa.

Wina anganene kuti ndikuichepsa Angola, ndipo mfundo zake zilipo. Petro de Luanda idatenga chikho cha Basketball Africa League mu 2024 ndipo idafikanso mu fainolo mu 2025. Childe Dundão, wamfupi kuposa ambiri a ife pano pa sukulu, adasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse pa AfroBasket. Bruno Fernando adatsegula khomo la NBA mu 2019. Komanso matimu odalira osewera akunja amavutika, chifukwa makalabu sawamasula nthawi zonse dziko likawafuna. Angola ikaitana, ambiri amakhala ali pafupi. N'chifukwa chake ndikukhulupirira kuti ikhalabe m'gulu la matimu anayi apamwamba mu Africa kwa zaka zikubwerazi.

Koma kukhala m'gulu la anayi n'kosiyana ndi kulamulira. Mayeso enieni ali ku Qatar mu 2027. Africa ili ndi malo asanu pa World Cup imeneyo, ndipo timu ya mu Africa yomwe idzachite bwino kuposa zinzake ndiyo idzapite mwachindunji ku Olympics ya 2028 ku Los Angeles. Kumeneko kulibe bwalo la pakhomo, ndipo South Sudan kapena Senegal zikadzapezeka zidzabwera ndi akatswiri awo onse. Mutandifunsa lero, ndalama yanga ya chips sindingaibetchere pa Angola.

Kuti ndidzachite manyazi, Angola iyenera kuwonjezera pa ligi yake zomwe anzake akuchita: kusula ana msanga ndi kuwatumiza kokalimba kuti akakhwime. Ikangodalira chikho cha ku Luanda, mwana wobadwa mu 2008 adzafika zaka 20 asanaonepo timu ya dziko lake ku Olympics.