Mtengo wa Cobvala Uli pa Dzina

Ndalama za cimanga, thonje ndi nshawa zikalowa m'nyumba, maukwati amayamba m'midzi mwathu, ndipo atelala a ku Katete, Petauke ndi Chipata sagona tulo. Kale mai anali kupita kwa telala ndi diresi ya mnzace kuti amsokere yofanana nayo. Lero mwana wamkazi amapita ndi foni, naonetsa cithunzi cimene anaona pa Facebook kapena pa Instagram. Sabata ino tifuna kufotokoza kumene mafashoni amenewa acokera, amene amawagula, ndi cifukwa cace mtengo wace uli woopsa cotere.

Mwambo wolemba dzina la wosoka pa cobvala unachuka ndi Mngelezi wina, Charles Frederick Worth, amene anatsegula nyumba yosokeramo zobvala mu mzinda wa Paris, ku France, m'caka ca 1858. Iye asanabwere, mai wolemera ndiye anali kuuza telala msoko umene afuna. Worth anatembenuza zinthu. Iye mwini anali kuganiza msoko, nabveka atsikana kuti auonetse, ndipo ogula anali kusankha pa zimene iye wakonza. M'kati mwa cobvala anali kusokeramo kansalu kolembedwa dzina lace. Kuyambira pamenepo anthu anayamba kugula dzina pamodzi ndi nsalu.

Kufikira lero mafashoni sangomera okha monga bowa. Amacita kukonzedwa. Kawiri pa caka, ca mu Febuluwale ndi ca mu Sepitembala, nyumba zazikulu za zobvala zimaonetsa misoko yatsopano m'mizinda inai motsatana: New York, London, Milan ndi Paris. Pa mipando ya kutsogolo pamakhala atolankhani, anthu ochuka, ndi nthumwi za masitolo akulu-akulu. Nthumwizo ziri ndi mphamvu yaikulu, pakuti cimene zaitanitsa ndico cidzapacikidwa m'sitolo patapita miyezi ngati 6. Msoko wa caka catha uyenera kuoneka wacikale, kuti mai amene ali kale ndi diresi yabwino-bwino akhumbe ina.

Nanga ndalama zonse zimene ogula amapereka zimalipirira ciani? Mu Juni 2024 khoti la ku Milan, ku Italy, linali kufufuza za kuzunzika kwa anchito m'timafakitale tosokera kampani ya Dior zikwama. Mapepala a mlanduwo anaonetsa kuti cikwama cina cinasokedwa pa ma euro 53, osawerengera cikopa, koma m'sitolo cinali pa ma euro 2,600. Kampani ina ya ku Britain, Burberry, inabvomera m'caka ca 2018 kuti inaononga dala katundu wosagulidwa wa mapaundi 28.6 miliyoni m'caka cimodzi, m'malo momgulitsa mochipa. Anthu atakwiya, inalonjeza kuleka mcitidwewo. Apa mutha kuona nokha kuti cimene makampani amenewa amateteza ndi dzina, pakuti cinthu cikachipa, olemera sacifunanso.

Kale zionetsero zimenezi zinali kuonedwa ndi oitanidwa okha, ndipo ena onse anali kudikira magazini. Intaneti inagwetsa mpanda umenewo. M'caka ca 2000 Natalie Massenet anayambitsa Net-a-Porter ku London, sitolo yogulitsa zobvala zodula pa intaneti. M'caka ca 2010 kunabwera Instagram, ndipo m'caka ca 2020, mliri wa Covid-19 utaletsa misonkhano, nyumba zambiri zinaonetsa misoko yao pa makanema. Tsopano mtsikana wa ku Lundazi amaona diresi ya ku Paris tsiku lomwelo limene mkazi wa mpondamatiki aiona.

Koma kuona si kugula. Pakati pa woona ndi wogula palowa amalonda ena. Makampani monga Zara ndi Shein amatengera misoko yochuka nasoka zofanana nazo mochipa m'milungu yowerengeka. Palinso akuba amene amamata dzina la Gucci kapena Louis Vuitton pa katundu wamba, namtumiza m'misika ya dziko liri lonse, ndi yathu yomwe.

Tisaganize kuti ife ndife ongoonerera cabe. Mu Epulo 2019 Dior inacita cionetsero ku Marrakech, ku Morocco, ndi nsalu za mtundu wa citenje zodindidwa ndi fakitale ya Uniwax ku Abidjan. Nsalu imene ena a ife timaiyesa ya kumunda ndi pamaliro inabvalidwa pamaso pa olemera a dziko lapansi. Caka comweco Thebe Magugu, mnyamata wobadwira ku Kimberley, ku South Africa, anakhala munthu woyamba wa mu Africa kupata mphoto ya LVMH ya okonza misoko acinyamata, ya ma euro 300,000. Kuno kwathu, m'caka ca 2024, zithunzi za agogo Margret Chola zinafalikira maiko ambiri. Mdzukulu wao Diana Kaumba, wogwira nchito ya zobvala ku New York, anali kuwabveka zobvala zamakono nawajambulitsa kumudzi pafupi ndi Lusaka, m'munda wa cimanga, pambali pa mbaula ndi munsi. Zimene zinakopa anthu ndi zomwe ife timaziona masiku onse pakhomo.

Cotero kwa inu makolo tinena mau awiri. Oyamba ndi awa: cikwama colembedwa Gucci cimene cigulitsidwa pamsika pa mtengo wa nkhuku imodzi si ca Gucci ai. Ngati msoko wace uli wolimba ndipo zipi iyenda bwino, gulani, koma lipirani msoko ndi nsalu, osati zilembo. Cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Aciwiri ndi awa: musatumize ndalama pa foni kwa munthu wosamdziwa cifukwa ca cithunzi cabe. Zithunzi zimabedwa, ndipo cimene cifika pa basi nthawi zina cimasiyana kutali ndi cimene munaona. Funsani kumene sitolo yace iri, pezani wina amene anagulako kale, ndipo ngati kutheka lipirani katundu atafika. Ndalama za thonje zimabwera kamodzi pa caka.

Kwa inu atelala, phunziro ndi lomwe lija la Worth. Salaula inakulandani ogula malaya a masiku onse, koma diresi ya ukwati yoyezedwa pa thupi la mwini wace simudzaipeza m'belo. Sokerani kansalu ka dzina lanu ndi nambala ya foni m'kati mwa cobvala ciri conse. Jambulani nchito yanu panja, m'mawa kapena madzulo dzuwa lisali lakuthwa, mutapempha cilolezo kwa mwini cobvala, ndipo ikani zithunzizo pa WhatsApp kapena pa Facebook pamodzi ndi mtengo wace. Musaike cithunzi ca nchito ya munthu wina. Koposa zonse, perekani cobvala pa tsiku limene munalonjeza, pakuti foni yomwe ifalitsa mbiri yabwino imafalitsanso yoipa, ndipo yoipa ndiyo ithamanga.

Dzina limene likweza mtengo ku Paris linayamba ndi munthu mmodzi wogwira singano. Mlendo akafunsa pa ukwati kuti, "Anakusokerani ndani?" pakhale dzina loyankha, ndipo likhale la munthu wa kwathu konkuno.