Chithunzi cha Pakhoma ndi Thambo la Usiku

Ambiri a inu mukayamba ntchito mudzapachika m'kalasi chithunzi cha nebula, ndiye kuti mtambo wa mpweya ndi fumbi wa kuthambo, monga umene nyenyezi zimabadwiramo. Ife sitiletsa. Chimene tikana ndicho kuchipachika osauza ana m'mene chinajambulidwira.

Zithunzi zambiri zotere zimajambulidwa ndi anthu wamba amene ali ndi telesikopu yaing'ono kuseri kwa nyumba. Patsogolo pa kamera amaika galasi losefa kuŵala, limene limatseka kuŵala kwina konse, kwa mwezi ndi kwa magetsi a mumsewu komwe, ndi kusiya kampata kakang'ono kwambiri. Sefa imodzi imalola kuŵala kwa haidrojeni pa mananomita 656, ina kwa okisijeni pa 501, ina kwa salifa pa 672. Wojambula amasonkhanitsa kuŵalako kwa maola ambiri, mwina usiku ungapo, ndipo chimene amapeza ndi zithunzi zitatu zotuŵa. Mitundu amaipereka yekha pambuyo pake. Ambiri amatsata njira ya chithunzi chotchuka cha Eagle Nebula chimene telesikopu ya Hubble inajambula mu 1995: salifa afiire, haidrojeni abiriŵire, okisijeni akhale wa buluu. Koma haidrojeni ndi salifa onse aŵiri kuŵala kwao ndi kofiira! Anaŵasiyanitsa dala kuti diso lizindikire pamene pali mpweya uwu ndi pamene pali uwo.

Ili si bodza, monganso mapu opaka Nyanja ya Malaŵi buluu ndi mapiri kofiirira sali bodza. Koma mapu timaphunzitsa kaŵerengedwe kake, pamene chithunzi timangochisiya chilankhule chokha.

Tsono taganizani za mwana wa Sitandade 7 amene wamva kwa inu kuti pafupi ndi nyenyezi zitatu za Akamwiniatsatana pali nebula yooneka ndi maso. Atuluka madzulo ena mu Januwale, mitambo ya dzinja itampatsa mpata, nayang'ana. Aona kachifunga kotuŵa, basi, pakuti diso la munthu mumdima silisiyanitsa bwino mitundu. Maŵa lake adzati aphunzitsi ananama, kapena, chimene tiopa koposa, adzati sayansi ndi ya m'mabuku ndipo thambo la kwao lilibe kanthu.

Chotero yambani ndi thambo, chithunzi chibwere pambuyo. Atumeni ana akaŵerenge nyenyezi za Nsangwe. Ena adzapeza zisanu ndi imodzi, ena zisanu ndi ziŵiri, ndipo mkangano umenewo ndi phunziro kale. Ajambule ndi pensulo kachifunga kaja monga akaonera. Pamenepo tulutsani chithunzi, muŵapatse pepala lofiira loonekera la pa maswiti, ayang'anire m'menemo zolemba za choko chofiira ndi chobiriŵira pa bolodi, aone okha chimene sefa imachotsa ndi chimene imasiya.