ZAMBIA AKANAFIKA KU MWEZI MU 1964

Mu Okutobala 1964, pamene dziko la Northern Rhodesia linali kukonzekera kutsitsa mbendera ya atsamunda ndi kukweza ya Zambia, atolankhani a maiko akunja anadzaza mu Lusaka. Anabwera kudzalemba za ufulu, koma ena a iwo anabwerera kwao ndi nkhani ina imene inaseketsa anthu ku London ndi ku New York. Nkhaniyo inali yakuti mphunzitsi wina, a Edward Mukuka Nkoloso, analengeza kuti Zambia adzafika ku mwezi Amereka ndi Russia asanapondeko, ndipo akacoka kumeneko adzapitirira mpaka ku Mars.

A Nkoloso sanali kulankhula cabe. Pa famu ina yosiyidwa kunja kwa Lusaka anasonkhanitsa acinyamata nayamba kuwaphunzitsa za ulendowo. Wophunzira anali kulowa mu mgolo wa mafuta, anzake namgubuduza kutsika citunda. Anali kukwera pa katungwe kuti amve m'mene thupi lipepukira m'mlengalenga, ndiponso kuyenda ndi manja, miyendo ili m'mwamba, pakuti aphunzitsi ao anati ndiko kuyenda kwa pa mwezi. Roketi yao inachedwa D-Kalu 1, polemekeza a Kenneth Kaunda. Opita ku Mars anali mtsikana mmodzi, amphaka awiri ndi mmishonale. Ndalama zimene anapempha ku UNESCO zinali mapaundi 7 miliyoni.

Mzinda wa Ndola uwadziwa bwino bambo amenewa, pakuti anatsogolerapo bungwe la asilikali akale a mumzindawo. Conco ku Lubuto, dzina limene m'Cibemba litanthauza kuwala, madoda akakhala pa mthunzi mwezi wa ufulu ukafika, funso limodzi silisowa: kodi ndalama zija zikanabwera, zinthu zikanakhala bwanji?

Yankho lake si lobvuta kwa aliyense wodziwa macitidwe a dziko lino. Pofika caka ca 1965 pa mwezi pakanakhala kale nthambi ya Cipani, wapampando wake, mlembi, msungicuma, ndi amai obvala zitenje oyembekezera alendo ndi nthungululu. Mu Julaye 1969, a Neil Armstrong potsika pa makwerero ao akanapeza mnyamata wa UNIP ataimirira pansi, dzanja lili cotambasula, nafunsa mwaulemu kuti khadi lao la Cipani lili kuti. Mau ochuka aja amene ananena tsikulo akanayamba adikira kuti nkhani ya khadi ithe.

Za ulendo weniweniwo, anthu a ku Lubuto sakayika konse. Roketi ikanaima pa siteshoni pamodzi ndi mabasi opita m'tauni, ndipo sikananyamuka isanadzale. Wothamangira ku mwezi akanakhala maola awiri pa mpando, kondakitala ali kufuula kuti kwatsala munthu mmodzi yekha. Amai a pamsika akanakweza madengu a kapenta ndi matumba a makala, cifukwa kumeneko kuzizira ndipo mitengo kulibe. Mkuwa ukanapezeka ku Mars, anthu a ku Cipata, Katete ndi Petauke akanatsatira monga momwe makolo ao anatsatirira migodi ya Nkana ndi Luanshya, ndipo makalata opita kumudzi akanayamba ndi mau omwe aja, akuti kuno tili bwino koma ndalama ibvuta.

Pa nkhani ya amphaka, a kum'mawa ali ndi mlandu umene sunaweruzidwebe. A Nkoloso anali Mubemba, ndipo Mubemba sanyamula mphaka popanda colinga. Akuluakulu a cimbuya atsimikiza kuti amphaka awiriwo anatumidwa kukatha mbewa zonse za ku Mars Angoni ndi Acewa asanafikeko ndi makasu ao. Abemba ayankha kuti Amereka anatumiza anyani m'mlengalenga, ndipo mu roketi ya Mubemba nyani sakanafika wamoyo.

Koma pali mbali imodzi ya nkhaniyi imene atolankhani aja anaiseka osaimvetsa, ndiyo ya mmishonale. A Nkoloso analemba kuti anamcenjeza mmishonaleyo kuti asakakamize anthu a ku Mars kulandira Cikristu ngati iwo sacifuna. Munthu amene anakula m'nthawi ya msonkho wa nyumba, ya citupa, ndi ya kugula nyama pa windo cifukwa ca khungu lake, adziwa kumene muvi umenewo unaloza. Mu 1855 David Livingstone anafika pa Mosi-oa-Tunya, napeza anthu okhala pamenepo, nalemba dzina la mfumukazi ya kwao pa mathithi a eni ake, ndipo dziko lonse linamucha munthu wamkulu. Mwana wa Zambia atanena kuti iyenso apita kukaona dziko la ena, koma osawalanda cikhulupiriro cao, anachedwa wamisala. Anthu atsutsanabe ngati a Nkoloso anakhulupiriradi kuti mgolo ungafike ku mwezi kapena anali kuseka azungu ndi nkhope yosaseka. Njira zonse ziwiri, anthu a ku Mars akanapeza mtsamunda wabwino kuposa amene anafika kuno.

Tsono oseka ayenera kukumbukira kuti bambo amenewa anali ndani. Anabadwa mu 1919. Anamenya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse m'gulu la Northern Rhodesia Regiment, m'cigawo ca mauthenga, nafika pa udindo wa sajeni. Atabwerako anatsegula sukulu yao, boma la atsamunda linaitseka. Anamangidwa m'zaka za Federeshoni cifukwa ca ndale za ufulu. Ufulu utabwera anagwira nchito pa likulu la omenyera ufulu mu Lusaka, pothandiza magulu a maiko oyandikana nafe amene anali akali mu ukapolo. Mu 1983, ali ndi zaka zopitirira 60, analandira digiri ya zamalamulo pa Yunivesite ya Zambia.

Ndipo funso loyenera kufunsa atolankhani aja ndi ili: mphunzitsi wa sayansi anagwiritsa nchito mgolo ndi cingwe cifukwa ninji? Dziko limene mkuwa wake unalemeretsa makampani a ku London ndi ku Johannesburg linafika pa ufulu liri ndi anthu a madigiri pafupifupi 100 okha, lopanda yunivesite ngakhale imodzi. Yunivesite inatsegulidwa mu 1966. Mu 1974 siteshoni ya Mwembeshi inayamba kulankhula ndi masetilaiti a m'mlengalenga. Soni za mgolo uja sizinali za a Nkoloso. Cotero kholo la kumudzi likaona mwana wake apanga ndeke ya mawaya ndi zitini, lisamuthamangitse ndi dzina la bambo amenewa monga citonzo.

A Nkoloso anamwalira pa 4 Malichi 1989, ndipo Boma linawaika m'manda ndi ulemu waukulu. Mapaundi 7 miliyoni aja sanafikebe. Madoda a ku Lubuto ati akadzafika padzakhala bvuto lina ku banki, pakuti paundi inaleka kugwira nchito mu Zambia mu 1968.