Nkhani za umbanda zisamathere pa unyolo

Nkhani za umbanda zochokera ku Mchinji zimamveka mofanana. Mneneri wa polisi amalengeza kuti wina ali m'chitokosi, n'kutchula zaka zake, mudzi wake ndi mfumu yake yaikulu, kaya ndi Mkanda, Zulu kapena Mavwere. Wailesi zimaulutsa, nyuzi zimasindikiza, masamba a Facebook amaikapo chithunzi. Koma mlandu ukafika kukhoti, atolankhani ambiri saonekanso. Chonsecho gawo 42 la malamulo aakulu a dziko lino limati woganiziridwa ndi wosalakwa kufikira khoti litamupeza wolakwa. Womasulidwa amabwerera kumudzi dzina lake litaipa kale.

Vutoli limakula m'boma la m'malire. Mchinji inachita malire ndi Zambia ndi Mozambique, ndipo tsiku ndi tsiku anthu amadutsa pa Mwami kupita ku Chipata kukachita malonda, kukaona abale kapena kumaliro. Koma malirewa akamveka pa nkhani, kawirikawiri zimakhala za chimanga chozembetsedwa, njinga zamoto zobedwa ndi anthu olowa opanda ziphaso. Womvera amazolowera kuona nkhope yachilendo ngati chiopsezo.

Mantha otere amapha. Mu 2017 mphekesera za anamapopa, zomwe zinakula ku Mulanje ndi Phalombe, zinaphetsa anthu osachepera 9, mpaka bungwe la United Nations linachotsako antchito ake. Kumayambiriro kwa 2020, Zambia itagwedezeka ndi nkhani za anthu opopera mankhwala m'nyumba zomwe zinayambira ku Chingola, mphekesera za anamapopa zinabukanso m'chigawo chapakati cha Malawi. Umboni wa kupopa magazi sunapezeke, koma maliro a ophedwa ndi gulu anali enieni.

Mankhwala ake si kutseka atolankhani pakamwa. Mu 2003 apolisi anamanga Maganizo Mazeze wa MIJ FM chifukwa choulutsa mawu a munthu wonena kuti anapopedwa, koma mphekeserazo zinadzukanso patapita zaka. Chofunika ndi ntchito yakupsa: kufunsa dokotala, mfumu ndi wapolisi uthenga wa pa WhatsApp usanaulutsidwe, kusatchula dziko la woganiziridwa pamene silikukhudza mlandu, ndi kutsatira nkhani mpaka chigamulo. Wailesi ngati Mudzi Wathu, zomwe zimalankhula ndi mudzi m'chinenero chake, zili ndi udindo waukulu. Yemwe analengeza kumangidwa kwa munthu alengezenso kumasulidwa kwake, mokweza chimodzimodzi.