Musanalipire Maphunziro a Uphungu, Yambani Mwafunsa

Aliyense woyenda m'matauni mwathu waonapo zikalata zomatidwa pa zipupa, kapena mauthenga a pa WhatsApp, oitana anthu kuti akaphunzire uphungu kwa masabata aŵiri ndi kulandira satifiketi. Achinyamata otsiriza Fomu 4, aphunzitsi, abusa ndi anamwino amakopeka nawo, ndipo cholinga chawo n'chabwino, pakuti osautsika mumtima ndi ambiri pamene odziŵa kuwathandiza ndi oŵerengeka. Koma ife tikuti musamasule ndalama musanafunse. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kulangiza si kwachilendo kwa ife. Ankhoswe ndi anamkungwi akhala akugwira ntchitoyi kuyambira kale. Komabe uphungu wa kuchipatala, umene ambiri tinaudziŵa matenda a Edzi atapezeka m'dziko muno mu 1985, uli ndi njira yakeyake. Nkhoswe imagamula mlandu, pamene phungu amamvetsera kufikira mwini vuto aone yekha poloŵera. Katswiri wa ku America, Carl Rogers, analemba mu 1957 kuti munthu amasintha ngati womthandizayo ali woona mtima, womulandira mosamuweruza, ndi womva zimene mnzakeyo akumva. Luso lotere silibwera ndi kuloŵeza notsi.

Taganizani za mnyamata amene wati watopa nawo moyo. Wophunzira mwachidule adzamuuza kuti alimbe mtima chifukwa mwamuna salira, namulola apite. Wophunzira bwino adzamufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha, podziŵa kuti funsoli silidzala maganizowo mwa munthu, ndipo sadzamusiya yekha kufikira ataonana ndi achipatala. Kusiyana kwa aphungu aŵiriŵa ndi moyo wa mwana wa munthu. N'chifukwa chake kusankha sukulu si nkhani ya wophunzira yekha.

Funso loyamba likhale la chilolezo. Bungwe la National Council for Higher Education, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, ndilo limalembetsa masukulu a ukachenjede ndi kuvomereza maphunziro awo, ndipo limatulutsa mndandanda wake poyera. Dziŵani kuti kulembetsedwa kwa sukulu ndi kuvomerezedwa kwa phunziro ndi zinthu ziŵiri: sukulu ikhoza kukhala m'kaundula pamene phunziro limene mukufunalo silinayesedwe. Musakhutire ndi pepala lopachikidwa mu ofesi ya mwini sukulu. Kafunseni ku bungwelo nokha. Ngati ndinu namwino kapena dokotala, funsaninso ku Nurses and Midwives Council of Malawi kapena ku Medical Council of Malawi ngati pepalalo adzalizindikira. Maphunziro a pa intaneti ochokera kunja afufuzidwe chimodzimodzi.

Funso lachiŵiri ndi la aphunzitsi. Kodi anaphunzira kuti, ndipo akhala akuthandiza odwala kwa zaka zingati? Sukulu yoona sichita manyazi kutchula aphunzitsi ake.

Funso lachitatu ndilo lalikulu koposa onse: kodi mudzakhala pansi ndi anthu enieni, katswiri akukuyang'anirani? Mzamba sapatsidwa chilolezo asanabereketse amayi pamaso pa mphunzitsi wake, ndipo phungu sayenera kusiyana naye. Pamafunika wina wokhwima pa ntchito woti amve mmene mwachezera ndi wodwala, akuonetseni pamene munalankhula m'malo momvetsera, ndi pamene chilonda cha mumtima mwanu chinakuphimbani m'maso. Mutu umodzi susenza denga. Taonani kuti koleji ya St John of God ku Mzuzu, imene imaphunzitsa uphungu ndi unamwino wa matenda a maganizo, ili ya bungwe limenenso limasamala odwala otere. Funsani kuti maola oyeserera ndi angati, kuchipatala chiti, ndipo woyang'anira ndani. Akazemba funsoli, bwererani ndi ndalama zanu.

Chomaliza, onani ngati akuphunzitsa kusunga chinsinsi ndi kudziŵa malire. Phungu sapereka mankhwala. Munthu womva mawu amene ena sakuwamva, kapena mayi wosokonezeka mutu atangobereka, afunika kutumizidwa msanga kuchipatala cha boma, chimene chingathe kumutumiza ku Zomba Mental Hospital ngati kuli kofunika. Sukulu yolonjeza kuti mudzatha kuchiza vuto lililonse ikukunamizani.

Ena adzati si onse angakwanitse dipuloma ya zaka, ndipo dziko silingadikire. Akunena zoona, ndipo maphunziro aafupi pa okha si oipa. Ku Harare, Dokotala Dixon Chibanda anayambitsa ntchito ya Friendship Bench, momwe agogo ophunzitsidwa mwachidule amacheza pa benchi ndi anthu ovutika maganizo. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2016, wokhudza anthu 573, anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa ochezeredwa ndi agogowo pafupifupi 14 pa 100 alionse ndiwo anali akadali ndi zizindikiro za kukhumudwa, pamene mwa enawo anali theka. Koma agogowo anaphunzitsidwa njira imodzi yodziŵika, anali ndi owayang'anira, ndipo ankadziŵa kotumiza odwala kwambiri. Phunziro lalifupi lonena zoona za malire ake ndi lothandiza. Loopsa ndi lija lotcha munthu katswiri patangotha masabata aŵiri.

Tsono inu makolo amene mukugulitsa mbuzi kapena matumba a chimanga kuti mwana aphunzire, ndi inu atsogoleri a mipingo amene mumatumiza anthu anu ku maphunziro otere, funsani mafunso anayiŵa, ndipo mayankho ake akulembereni pa pepala. Tsiku lina wokhala pa mpando patsogolo pa phunguyo adzakhala m'bale wanu.