Lekani Ulesi, Lembani Nambala ya Compiler

Abale anga olemba ma smart contract, ine kachizindikiro aka ka ^ kanditopetsa. Mukalemba "pragma solidity ^0.8.0;" ndiye kuti mwavomera compiler iliyonse kuyambira 0.8.0 mpaka kulekezera pa 0.9.0. Inu muyesa pulogalamu ndi ina, mnzanu aitumiza pa Ethereum ndi inanso. Nanga yomwe munayesayo ndi iti?

Ena amati ma compiler onsewo ndi amodzimodzi. Bodza! Mu 2023, Solidity 0.8.20 inayamba kutulutsa lamulo latsopano la PUSH0, ndipo ma blockchain ena omwe anali asanalidziwe ankakana ma contract otere. Pa 30 July chaka chomwecho, akuba anasesa madola oposa 50 miliyoni ku Curve Finance chifukwa cha vuto lomwe linali mu Vyper 0.2.15, 0.2.16 ndi 0.3.0. Tsiku limenelo funso linali limodzi basi: kodi yanu munaphika ndi nambala iti? Amene sanasunge nambala anagona m'maso muli gwa.

Inde, OpenZeppelin amalemba ^, koma zawo n'zoti anthu ambiri abwereke. Yanuyo isunga ndalama za anthu, ndipo ikangokwera pa blockchain simungaifufute ngati choko pa bolodi.

Ine mwana akalemba yankho la masamu popanda kusonyeza njira, ndimamubweza. Inunso ndikukubwezani. Chotsani ^, lembani nambala yeniyeni, werengani mndandanda wa zolakwika zodziwika za compiler imeneyo, kenako muyese ndi yomweyo. Ndalama za eni si zochitira mwayi.