ZA UMOYO: Mwana "wosamva" mwina ndi makutu

M'midzi yathu mwana amene aitanidwa katatu osabvomera, kapena amene atumidwa ici nabweretsa cina, amanenedwa kuti ndi wosamva, ndipo kambiri amalandira mkwapulo. Komatu ana ena otere alibe mwano ai. Bvuto lao liri m'makutu: amamva mau pang'ono cabe.

Mwana amayamba kumva akali m'mimba mwa mai wace. Pa miyezi 6 amatembenuka akamva dzina lace, ndipo pokwanitsa caka cimodzi amayamba kuchula mau oyamba monga "mama". Iye amaphunzira liu liri lonse mwa kulimva kawiri-kawiri kufikira litakhazikika m'mutu.

Mwana wa makutu ofooka samva liu lathunthu. Malembo a, e, i, o, u amamveka mwamphamvu, tsono amawagwira msanga. Koma s, f ndi ts ndi aphokoso locepa, ndipo kwa ana ambiri otere ndiwo amayamba kutayika. Motero "fisi" ndi "tsitsi" angamveke monga liu limodzi. Mwanayo amadzaza potsalapo mwa kupenya milomo ya wolankhula ndi kuganizira nkhani imene iri kukambidwa. Koma milomo nayo imanamiza, pakuti "phala" ndi "bala" amaoneka cimodzi-modzi pakamwa. Ndico cifukwa cace amazindikira msanga mau amene awazolowera, koma amasocera pa mau acilendo, mumdima, ndiponso pamene wailesi kapena cigayo ciri kusokosa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linena kuti pa ana 10 ali onse a bvutoli, pafupifupi 6 akadapulumuka likadapewedwa. Cikuku, matenda oumitsa khosi ndi mafinya a m'khutu ocedwa kuciritsidwa ndizo zina mwa zimene zimaononga makutu. Katemera wa ku sikelo amaletsa cikuku. Khutu likatuluka mafinya, mwana apite ku cipatala. Asamuthire mankhwala a zitsamba kapena kumutokosa ndi nthenga.

Pakhomo, makolo ayenera kulankhula naye ali pafupi, pamalo owala, moyang'anana maso. Alankhule momveka koma osakuwa, cifukwa kukuwa kumapotoza mau. Pochula dzina la cinthu amuonetse cinthuco, nabwereze tsiku ndi tsiku. Kusukulu aphunzitsi amukhazike kutsogolo.

Ngati mwana sadzidzimuka citseko cikamenyeka, kapena wafika zaka 2 asanayambe kulumikiza mau awiri, makolo asadikire kuti adzalankhula yekha. Apite naye ku kiliniki, kumene angawatumize ku cipatala cacikulu. Ku Lusaka makutu amapimidwa ku UTH ndi ku Beit CURE, ndipo ana ena amathandizidwa ndi kacipangizo kokweza mau kobvala kukhutu. Amene samva konse angaphunzire cinenero ca manja, monga acitira pa sukulu ya ana osamva ya Magwero pafupi ndi Chipata, imene amishoni a Dutch Reformed anaitsegula mu 1955.

Zaka zitatu zoyamba ndizo zofunika koposa pa kuphunzira cinenero. Mwana wothandizidwa pa msinkhu umenewu amafika pa Giredi 1 ali ndi mau okwanira kuyamba nao sukulu pamodzi ndi anzace.